Tiyeni Tikaone Kumene Makolo Ankakhala M'mapiri

Amayi anzanga, ife okhala m'Limbe muno tazingidwa ndi mapiri: Mpingwe, Bangwe, Soche ndi Ndirande. Ambiri a ife timawadziwa ngati malo otolako nkhuni basi, ndipo tikaona munthu akukwera phiri popanda chingwe ndi nkhwangwa timati ndi zachizungu. Ine ndikukana. M'mapiri amenewa munali midzi kale, sitolo ngakhale imodzi isanamangidwe m'Limbe.

Pamene amishoni a ku Scotland anafika m'chaka cha 1876, anapeza Mfumu Kapeni ili ku Soche, ndipo ndi iyo imene inawalola kumanga mishoni ya Blantyre. Masiku amenewo anthu ankaopa ogwira akapolo, tsono ankamanga pamalo okwera kuti aziona mdani akali patali. M'chaka cha 1884 Angoni a Chikusi anaoloka Shire nawononga midzi ya dera lino, ndipo anthu anathawira pamwamba penipeni. Taganizirani mayi wa nthawi imeneyo, mwana kumsana, mtsuko pamutu, akutsika mbandakucha kukatunga madzi, mtima uli m'mwamba. Ana athu amaloweza maina a mafumu, koma za mayi ameneyu palibe amawauza.

Amene mungathe kusonkha ndalama ya basi, kafikeninso ku Chongoni m'boma la Dedza. Kumeneko kuli malo 127 a zithunzi za pamiyala, amene bungwe la UNESCO linawazindikira m'chaka cha 2006. Zina mwa zithunzi zoyera anajambula ndi amayi achichewa polangiza anamwali. Ndi ntchito ya manja a agogo athu, koma opita kukaiona ambiri ndi alendo ochokera kutsidya kwa nyanja.

Ulendo wa kuphiri sufuna zambiri. Pitani m'gulu, osati awiri kapena atatu, popeza m'mapiri muli anthu amaganizo osiyanasiyana. Yambani mwaonekera kwa amfumu a mudzi wa m'tsinde, ndipo muwapemphe munthu wachikulire wodziwa njira ndi mabwinja. June ndi July ndiyo miyezi yabwino. Nyengo ya mvula miyala imaterera. Tengani madzi, mbatata yophika ndi nsapato zolimba, zagogoda muzisiye kunyumba. Mukapeza mapale kapena mphero, onetsani ana, kenaka muzisiye pomwepo. Abambo a kunyumba akadodoma, atengeni. Mimba zina zingachepeko.

Musayembekezere nkhalango. Mukafika ku Soche mudzaona zitsa zokhazokha, ndi zipsera zimene namondwe Freddy anasiya mu March 2023, pamene matope ndi miyala zinakwirira nyumba ku Chilobwe ndi kupha anthu ambiri. Imani pamenepo pang'ono, muyang'ane madenga ali kumunsi. Gulu limene laona zimenezi ndi maso silivuta kuliitana mvula ikayamba mu December, pamene mbande zimafuna anthu ozinyamula kukwera nazo.