Mukawathamangitsa Mumsewu, Apite Kuti?

Inu a khonsolo za mizinda ya Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, inu a ku Unduna wa Maboma Ang'onoang'ono, ndi inu akuluakulu a polisi amene mumatumiza anyamata anu atanyamula zibonga ndi utsi wokhetsa misozi: tomato amene mumalanda uja amapita kuti? Nthochi zija, mapeyala aja, nsapato za kaunjika zimene zimaponyedwa m'lole ya khonsolo mwiniwake akulira, zimakatsitsidwa pati? Alipo amene amazilemba m'buku? Alipo venda amene munamupatsapo lisiti yosonyeza kuti katundu wake wakutiwakuti ali m'manja mwa boma? Ngati bukulo lilipo, mukulibisiranji?

Gawo 28 la Malamulo Oyendetsera Dziko limaletsa kulanda munthu katundu wake mwachisawawa. Silinena kuti katunduyo akhale galimoto kapena nyumba ya malata. Beseni la tomato nalonso ndi katundu. Gawo 29 limapatsa munthu aliyense ufulu wogwira ntchito, wochita malonda ndi wodzipezera zosowa zake paliponse m'Malawi muno. N'zoona kuti khonsolo ili ndi mphamvu yokonza malamulo a mumzinda. Koma kodi lamulo la khonsolo linakula liti kuposa Malamulo Oyendetsera Dziko?

M'beseni limenelo muli mpamba wonse wa banja. Mayi amene wakhala nalo pakhonde la sitolo ku Limbe anadzuka tambala asanalire kukapikula, ndipo ndalama yopikulirayo anakongola ku banki mkhonde kapena kwa wakatapila. Phindu la tsiku lonse limathera pa kaufa ka madzulo, kamulu ka bonya ndi kajumbo ka makala. Mukamulanda beseni, ngongole mumamusiyira. Wakatapila za khonsolo alibe nazo ntchito. Tsiku likakwana akufuna yake, ndi chiwongoladzanja chomwe. Mwininyumba ku Mbayani kapena ku Bangwe akufuna lendi. Mwana abwezedwa kusukulu. Kodi pamsonkhano umene mumagwirizana zotulutsa lole, alipo amene amawerengera zimenezi? Kapena mumangowerenga misewu imene yayera?

Simunayambe dzulo. Mu Epulo 2006 boma la Bingu wa Mutharika linachita Operation Dongosolo: mavenda anachotsedwa m'misewu ya mizinda yathu n'kuuzidwa kuti akalowe m'misika. Nthawi imeneyo n'kuti m'dziko muno mulibe khansala ndi mmodzi yemwe, pakuti amene anasankhidwa mu 2000 nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo chisankho china chinadzachitika mu 2014. Venda analibe munthu amene anamusankha yekha woti akamulankhulire kukhonsolo. Misewu inayera ndithu, kwa kanthawi. Kenako anthu aja anabwerera. Munawathamangitsanso, anabwereranso. Mu Januwale 2012 ku Lilongwe zinthu zinafika poti asilikali a nkhondo analowererapo. Maboma asintha, mameya asintha, akuluakulu a polisi asintha, koma njira ndi yomweyo, ndipo zotsatira zake ndi zomwezo. Kumeneku n'kutunga madzi ndi lichero. Kodi pa zaka zonsezi palibe mmodzi mwa inu anaimapo n'kufunsa chifukwa chimene munthu amene wamenyedwa dzulo, walandidwa dzulo, wakhetsedwa misozi dzulo, amabwererabe pamalo omwewo m'mawa mwake? Mukuganiza kuti amakonda kuthamanga mwana ali kumsana? Mukuganiza kuti dzuwa la mu Okutobala limamukomera?

Yankho mukulidziwa, chifukwa manambala ake ndi anu omwe. Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 674,000 mumzinda wa Lilongwe. Pofika 2018 anali atakwana pafupifupi 989,000. Anthu oposa 300,000 anawonjezekera pa zaka 10 zokha. Mabenchi a m'misika munawonjezera angati pa zaka zimenezo? Mafakitale anatsegulidwa angati ku Kanengo oti alembe anyamata a ku Mgona, ku Mtandire ndi ku Chinsapo? Kafukufuku wa National Statistical Office wa 2013 anasonyeza kuti mwa anthu 100 alionse ogwira ntchito m'dziko muno, 89 amagwira ntchito zopanda kontrakiti, zopanda penshoni, zongodzipezera okha. Tsono amene mumamutcha wosokoneza mzindayo ndiye Mmalawi weniweni wa masiku ano. Wolandira malipiro pakutha pa mwezi ndiye wosowa.

Mu 2020 anthu analonjezedwa ntchito 1 miliyoni. Mu 2022 ADMARC inatseka zitseko n'kuchotsa antchito ake. Chaka chomwecho mu Meyi kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Mitengo ya shuga, mafuta ophikira ndi sopo inathawa. Ngakhale mphunzitsi ndi namwino anayamba geni yoonjezera. Nanga mnyamata amene ali ndi satifiketi ya MSCE m'chikwama, wayenda maofesi onse mpaka nsapato kutha, n'kuganiza zogulitsa machaja a foni m'malo moba, mukufuna atani? Ntchito simunamupatse. Ngongole ya NEEF sanaione. Msewu mukumuletsa. Chatsala n'chiyani? Tchulani, timve tonse.

Mudzati malo alipo m'misika koma mavenda ndi amakani. Mawu amenewa tawamva kokwanira. Malonda amatsata mapazi a anthu. Wogulitsa nthochi zisanu amafuna podutsa anthu: padepoti, pachipata cha chipatala, potsikira minibasi. Kumuika kuseri kumene sikufika munthu n'chimodzimodzi kumutsekera geni, kungoti mwachita mwaulemu. Ku Mzuzu nkhani ya msika wa Zigwagwa yakhala ikubwerezedwa kwa zaka, khonsolo ikuti pitani, mavenda akuti kulibe ogula. Munakhalapo tsiku lathunthu pabenchi ya kumeneko kuti muone amene akunena zoona? Musanasankhe malo a msika, mumafunsa ndani? Ndipo mabenchi a malo abwino ali m'manja mwa yani? Kodi si zoona kuti ena ali ndi mabenchi angapo amene amachititsa lendi, pamene mayi wa beseni limodzi alibe pokhala? Mndandanda wa eni mabenchi uli kuti?

Tiyeni tilowe m'misika imene mumanyadirayo. Amene anamvera lamulo n'kulowamo amadula chiphaso tsiku ndi tsiku, kaya agulitsa kaya sanagulitse. Apindulanji? Nthawi ya dzinja matope amafika m'akakolo. Zinyalala zimaunjikana pafupi ndi ogulitsa ndiwo mpaka kununkha. Chimbudzi, pamene chilipo, n'cholipiranso. Moto wapsereza misika ku Blantyre, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo ogulitsa anayambiranso okha pa phulusa. Ku Lilongwe, anthu owoloka mtsinje kupita kumsika wa Tsoka akhala akudalira milatho ya mitengo imene anthu wamba anakhoma okha n'kumalipiritsa. Ndalama za ziphaso zimagwira ntchito yanji? Ndi zingati zimene zimatoleredwa pa tsiku mumsika wa Limbe, ndipo ndi zingati zimene zimabwerera mumsikamo? Bwanji simumata manambala amenewa pachipata kuti wodula chiphaso aliyense awerenge? Venda wa mumsewu akaona mnzake wa mumsika akulipira n'kumakhalabe m'matope, wopanda ogula, mukufuna akopeke ndi chiyani?

Chimene chimapweteka kwambiri n'chakuti mavenda mumawadziwa bwino nthawi ina. Kuyambira m'masiku a Bakili Muluzi, amene ankadziwika kuti ndi bwenzi lawo, palibe chipani chimene sichinawanyengererepo. Kampeni ikayandikira lole ya khonsolo imazima. Mavenda amasanduka "anthu athu", amavekedwa nsalu ndi malaya a chipani, amanyamulidwa kukadzaza misonkhano. Mavoti akawerengedwa, chikalata chowapatsa masiku 7 oti achoke m'misewu chimatuluka. Kodi lamulo limagona chaka cha chisankho n'kudzuka chaka chotsatira? Ngati kugulitsa mumsewu kuli kolakwa, kumakhala bwanji kololedwa pamene mukufuna voti? Ngati kuli kololedwa pamenepo, kumalakwika bwanji mukakhala pampando? Inu ndi amene munaphunzitsa venda kuti lamuloli ndi la nyengo. Musadabwe akamalitenga choncho.

Sitikubisa mavuto. Makonde amatsekeka, ndipo munthu wa njinga ya olumala kapena wosaona amakankhidwira pamsewu wa magalimoto. Wa mumsika amene amadula chiphaso ali ndi dandaulo lomveka mnzake akamamutsekereza ogula pachipata. Opisa m'matumba amabisala m'chigulu. Amene anavula amayi ovala mathalauza mu Januwale 2012 anachita zaupandu zochititsa manyazi dziko lonse, ndipo palibe umphawi umene ungawaikire kumbuyo. Koma wakuba agwidwe chifukwa waba. Wozunza amayi akaonekere kukhoti ndi dzina lake. Mayi wa zitumbuwa alipiriranji mlandu wa munthu amene sakumudziwa n'komwe?

Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700, ndipo makhonsolo analetsa kugulitsa zakudya zophikaphika m'misewu. Pa nthawi ya mliri zimenezo n'zomveka. Koma kolera imayenda ndi madzi oipa ndi kusowa kwa zimbudzi. Pakati pa tawuni ya Limbe pali zimbudzi zingati zimene munthu wopanda ndalama angalowe? Mipopi yosambira m'manja ili pati? Zinyalala zimene zimakhala milungu osatoledwa zija, udindo wozichotsa ndi wa yani? Chiwaya mwachichotsa, nanga ngalande yotsekeka ija mwaitani?

Makhoti anakuuzani kale, kangapo. Mu 2015 apolisi anagwira Mayeso Gwanda m'bandakucha akupita ku Limbe kukagulitsa majumbo, n'kumutsegulira mlandu wa vakabu. Iye sanagonje. Mu Januwale 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti gawo 184(1)(c) la malamulo a milandu, limene anamugwirira, likutsutsana ndi Malamulo Oyendetsera Dziko. Wogulitsa majumbo anaphunzitsa boma kuti kuyenda usiku uli wosauka si mlandu. Mu Epulo 2020, boma litalengeza kuti anthu akhale m'nyumba masiku 21 chifukwa cha Covid-19, mavenda ku Blantyre ndi ku Mzuzu anatuluka kukatsutsa, poona kuti njala iwapeza matendawo asanawafike, ndipo khoti linaimitsa chiletsocho. Mfundo yake inali yosavuta: simungatseke njira imene munthu amadyera musanamukonzere ina. Munamva? Ngati munamva, chasintha n'chiyani pa kagwiridwe kanu ka ntchito?

Nanga ena aja bwanji simuwathamangitsa? Magalimoto oimikidwa pakhonde pomwe pamayenera kudutsa anthu, lole yanu siyiwaona? Omanga nyumba zikuluzikulu m'mphepete mwa mitsinje ndi m'malo osungira misewu, utsi wokhetsa misozi unawafikapo? Maunduna ndi nthambi za boma zimene zimakhala ndi ngongole za msonkho wa malo kumakhonsolo, munakazilandapo mipando? Eni masitolo amene amapatsa anyamata katundu kuti akawagulitsire panja, mumawadziwa kapena simuwadziwa? Ndipo madzulo mukaweruka, chimanga chootcha, maunitsi ndi nthochi zopita nazo kunyumba mumagula kwa yani, mutatsitsa galasi la galimoto? Lamulo limene limangoona wosauka anthu saliopa chifukwa cha chilungamo chake, amangoopa chibonga.

Njira zina zilipo, ndipo sizobisika. Dziko la India linakhazikitsa lamulo mu 2014 loti mavenda ayambe awerengedwa ndi kupatsidwa malo asanachotsedwe, ndiponso kuti akhale ndi mipando m'makomiti ogawa malowo. Ku Durban, pa Warwick Junction, akuluakulu a mzinda anakhala pansi ndi ogulitsa n'kuwakonzera malo pomwe pamadutsa anthu, m'malo mowapirikitsa. Kuno kwathu bungwe la Malawi Union for the Informal Sector lilipo, makomiti a mavenda alipo m'misika yonse. Munawaitanapo kuti mudzamve maganizo awo, kapena mumawaitana kudzawauza zimene mwagamula kale? Mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika ku Lilongwe anayenda mpaka ku Nyumba ya Malamulo mtengo wa belo utakwera mosaneneka. Anthu amene angathe kudzisonkhanitsa choncho angathenso kusunga mzere, kusesa malo awo ndi kudula chiphaso, atapatsidwa malo oti n'kugulitsapo.

Yambani ndi kuwerenga. Mavenda alipo angati mumzinda wanu, ndipo mabenchi opanda munthu alipo angati? Lengezani manambala awiriwo tsiku limodzi. Oyamba akaposa achiwiri, ndipo mukudziwa kuti aposa, musatulutsenso chikalata chothamangitsa anthu mpaka otsalawo mutawapezera pokhala. Jambulani mizere m'makonde otakasuka kuti oyenda pansi adutse, ogulitsa akhale. Sankhani msewu umodzi ku Limbe, umodzi ku Area 2 ndi umodzi pafupi ndi depoti ya Mzuzu woti uzitsekedwa kwa magalimoto madzulo, pakhale magetsi, madzi ndi chimbudzi, anthu azigulitsa poyera atadula chiphaso. Zimenezi sizifuna ngongole ya kunja kapena ulendo wa ndege wokaphunzira. Zikufuna msonkhano umodzi wa makhansala. Ndani mwa inu adzaimirire kuti aike nkhaniyi pa mndandanda wa zokambirana, ndipo msonkhanowo ukhala liti?