Wogulitsa mphesa azichenjeza makolo

Malipiro a m'maesiteti a tiyi akatuluka, kholo pa msika wa Luchenza limatha kugula kapaketi ka mphesa, ngakhale n'kodula, kuti mwana alaweko. Ngozi ili pomwepo. Mphesa ndi yozungulira komanso yoterera; khanda likameza yathunthu limatha kutsamwa mpaka kulephera kupuma.

Wogulitsa asamangowerenga ndalama. Aziwauza mayi kuti mwana amayamba zakudya zina pa miyezi 6, ndipo mphesa azizitsuka, kuzidula panayi m'litali ndi kuchotsa njere, mpaka mwanayo atafika zaka 5. Ndalama zikachepa, awalozere nthochi yakupsa kapena peyala la ku Thyolo konkuno, zomwe zimakanyika mosavuta. Phindu la lero lingachepe, koma kasitomala wolangizidwa bwino amabweranso.