Mfuti ya mbatatisi: nkhani yonse ili pa paipi

Ku America kuli bantu bamene pa weekend bamapanga mfuti yoponyera mbatatisi, kufuna chabe kuona pamene izagwera. Kwa ise iyo ni chips yaonongeka, koma tiyeni tisuzumire mu workshop mwao.

Zida nizing'ono: hacksaw, fayilo, tepi yopimira, glue ya PVC na magalasi yochingiliza maso. Chamene chimapweteka bantu ni paipi. Ya manzi imalembedwa nambala ya pressure pambali. Ya drain nthawi zambiri ilibe, chifukwa sinapangidwire pressure. Pa shelufu zimalingana, manje wokonda votchipa amanyamula ya drain.

Koma olo ya manzi, nambala ija ni ya manzi chabe. PVC ikaphulika na mphepo yopompa imasweka monga botolo, tumapisi takuthwa tumathamangira kumaso. Mu 1988 OSHA, yoona za chitetezo pa nchito ku America, inachenjeza pali ichi.

So ba mayi, ba tate, mwana akaona ivi pa YouTube nayamba kupempha paipi, mukambe naye bwino. Pa hardware sibagulitsa diso.