Foni ikulira, iye akungoiyang'ana

Ndikamadutsa pa Mua mumsewu wa M5, ndimaganizira za sukulu ya ana osamva yomwe ili pamishoni paja. Anawa amaphunzira, ena mpaka kusekondale. Nanga akamaliza amalowera kuti?

Mu 2024 dziko lino lidakhazikitsa lamulo latsopano loteteza anthu aulumali, ndipo MACOHA idasanduka MACODA. Lamuloli likuletsa kusala munthu pantchito chifukwa cha ulumali. Zabwino ndithu. Koma taganizani: mnyamata wosamva wa ku Mtakataka wapereka kalata yofunsira ntchito, abwana n'kumuuza kuti adzamuimbira. Tsikulo foni ikulira, iye akungoiyang'ana. Akapezeka ku intavyu, womasulira chinenero chamanja kulibe. Palibe wamukana pamaso, koma ntchito yapita basi.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo, oposa 10 ali ndi ulumali. Si ochepa ayi.

Ine za kudikira MACODA yokha ndakana. Inu amene muli ndi shopu pa Golomoti, kapena mukusaka kalipentala, lembani pachidziwitso chanu kuti ofunsira mudzawayankha pa WhatsApp kapena pa SMS. Chomwe mungawononge ndi kabandulo chabe.