Kodi dzina la mwana timalitchula liti?

Kuwerenga kwathu: Machitidwe a Atumwi 15:36-41

Lamulungu lililonse m'mipingo yathu mumachitika zofanana. Akuluakulu ali m'kachisi, ana ali pansi pa mtengo wa mango, ndipo mphunzitsi mmodzi wa Sande Sukulu ali ndi kachikwapu m'dzanja, kulimbana ndi chigulu chonsecho. Tikatchera khutu, maina amene amamveka ndi atatu kapena anayi okha: uja wotsina anzake, uja wosakhazikika, uja woseka panthawi ya pemphero. Amene ayala mphasa osatumidwa amabwerera kwawo osamva dzina lawo ndi kamodzi komwe. Kunyumba nakonso n'chimodzimodzi. Mwana akatsuka mbale bwino timangoti zii. Akaswa imodzi, mudzi wonse udziwa.

Mwana sachedwa kuphunzira. Akaona kuti bambo amamucheukira pokhapokha akalakwa, adzalakwa ndithu. Akakula akumva kuti ndi mbuzi, chitsiru, wosamva, tsiku lina adzavomereza, ndipo khomo la tchalitchi adzalisiya akangoyamba kudzilamulira.

M'ndime ya leroyi tikukumana ndi Barnaba. Dzina lake lenileni linali Yosefe, Mlevi wa ku Kupro, koma atumwi adamutcha Barnaba chifukwa cha mtima wake wolimbikitsa ena (Machitidwe 4:36). Pa ulendo woyamba, iye ndi Paulo adatenga mnyamata Yohane Marko, koma atafika ku Pamfuliya mnyamatayo adawasiya n'kubwerera ku Yerusalemu. Pokonza ulendo wachiwiri Barnaba adafuna kumutenganso. Paulo adakana kwamtuwagalu, mkangano udakula mpaka adasiyana: Paulo adatenga Sila, Barnaba adapita ndi Marko ku Kupro.

Paulo anali ndi mfundo, pakuti mnyamatayo adathawadi ntchito. Ena anganenenso kuti Barnaba ankangokondera, popeza Akolose 4:10 akusonyeza kuti awiriwa anali pachibale. Koma tisaiwale kuti Barnaba yemweyu ndiye adaikira kumbuyo Paulo pamene ophunzira a ku Yerusalemu ankamuopa atangotembenuka mtima. Linali khalidwe lake. Marko sadamulangize ndi mawu okha ayi, adamusenzetsanso katundu. Patapita zaka, Paulo ali m'ndende adapempha Timoteo kuti pobwera atenge Marko, chifukwa anali atasanduka munthu wofunika pa ntchito (2 Timoteo 4:11).

Tikudziwa kuti ena afulumira kale kutsegula Miyambo 13:24. Ife sitikukana chilango. Nyumba ya Eli idagwa chifukwa nkhalambayo sidaletse Hofeni ndi Finehasi pa zoipa zawo. Koma Buku Lopatulika lomwelo, pa Aefeso 6:4, likuchenjeza abambo za kuputa mkwiyo wa ana awo. Chikwapu chimauza mwana choti asiye, koma choti achite m'malo mwake sichimuuza.

Nanga pagulu, pamene mphunzitsi ali yekha ndipo ana ndi ambiri? Mu 1969 ku Kansas, m'dziko la America, mphunzitsi Muriel Saunders pamodzi ndi akatswiri Harriet Barrish ndi Montrose Wolf adafalitsa zotsatira za njira imene adayesa m'kalasi ina yovuta, yolingana ndi Sitandade 4 ya kuno. Adagawa ana m'magulu awiri. Malamulo anali ochepa: osayankhula kapena kuchoka pampando popanda chilolezo. Wina akaphwanya lamulo, mphunzitsi ankangolemba kachizindikiro pabolodi pansi pa gulu lake, osakalipa. Gulu lokhala ndi zizindikiro zochepa limapambana, ndipo magulu onse awiri akasunga mwambo amapambana onse. Mphoto yake inali yaing'ono, monga kukhala oyamba pamzere kapena kupatsidwa kanthawi kochita zimene akonda. Phokoso lidachepa kwambiri. M'zaka za m'ma 1980 njirayi, yotchedwa Good Behavior Game, idayesedwanso m'sukulu za ku Baltimore motsogozedwa ndi Sheppard Kellam, ndipo anawo adawatsata mpaka atakula. Adapeza kuti anyamata amene adadutsa m'njirayi, makamaka aja amene anali ovuta kwambiri ali aang'ono, sadalowerere m'mankhwala ozunguza bongo ndi fodya ngati anzawo.

Palibe chimene chingatikanike pamenepa. Sande Sukulu itha kukhala ndi gulu la Rute ndi gulu la Danieli, malamulo awiri kapena atatu amene anawo angathe kuwanena pamtima, ndi choko. Mphoto isakhale masiwiti kapena ndalama, pakuti tsiku limene thumba lauma, mwambo nawo watha. Opambana asankhe kolasi yotsekera, kapena akanene vesi pamaso pa mpingo. Chofunika koposa n'chakuti onse athe kupambana. Tikaika mphoto imodzi ya mwana mmodzi, amene amaitenga ndi yemweyemweyo, enawo amataya mtima, ndipo tonse tikudziwa chimene malaya a Yosefe adabala m'nyumba ya Yakobo.

Kuyamikira nako kuli ndi kachitidwe kake. Kungoti "ndiwe mwana wabwino" sikumuphunzitsa kanthu. Koma mayi akati, "Ndaona kuti wamusambitsa mng'ono wako m'manja usanayambe kudya, wachita bwino mwanangu," mwanayo wadziwa chenicheni choti achitenso mawa. Tinene nthawi yomweyo, tinene zoona, ndipo tisawonjezepo mbola yakuti "ukanamatero masiku onse." Makolo ambiri timaopa kuti mwana akayamikiridwa adzadzimva. Komatu Paulo adayamba kalata yake yoyamba kwa Akorinto, mpingo wodzala ndi mikangano, ndi kuthokoza Mulungu chifukwa cha iwo, kenaka ndi pamene adayamba kuwadzudzula.

Pagulu lililonse sipalephera mwana wogwetsa anzake dala. Ameneyu tisalole kuti anzake amuukire, ndipo tisamunyoze pamaso pawo. Timutengere pambali, timuuze cholakwa chake mwachidule, tilankhulenso ndi makolo ake kuti timve za kunyumba. Ndipo Lamulungu lotsatira timupatse ntchito yodziwika: agawe mabuku a nyimbo, awerenge pomaliza ngati abwerera onse, n'kukawapereka yekha kwa mkulu wa mpingo.