Laser kapena wax? Musanalipire, funsani dzina la makina

Funso la laser lachuluka mu inbox masiku ano, makamaka kuchokera kwa inu amene mwatopa ndi ululu wa wax mwezi ndi mwezi. Ndiyankhe pano kuti aliyense apindule. Poyamba penipeni, laser si lezala, ngakhale maina akumveka ngati a pachibale.

Maganizo anga ndi awa. Ngati wax kapena kumeta kumakutulutsani tiziphuphu n'kukusiyirani zipsera zakuda, laser ndi njira yabwino kuposa wax. Koma kwa ife akhungu lakuda, ubwino wakewo wagona pa zinthu ziwiri: makina ake, ndi munthu amene wawagwira. Ziwirizi zikalakwika, bola kukhala ndi tsitsi lanu.

Wax amazula tsitsi, koma kathumba ka mkati mwa khungu kamene tsitsilo limamerapo kamatsala kamoyo, ndiye pakatha masabata 3 mpaka 6 lameranso. Vuto lathu ndi loti tsitsi lathu ndi lopotana. Likamamera limapindika n'kubaya khungu, kapena limakulira mkati osatuluka. Ndi zomwe zimayambitsa tiziphuphu ta m'khwapa, m'mphechepeche, ndi pakhosi pa abambo ometa ndevu. Tikapola timasiya mawanga akuda amene amatenga miyezi kuti achoke, wax wotsatira n'kuonjezanso ena pamwamba pake. Onjezani apo ku salon kwina kumene kamtengo kamodzi amakaviika mu wax kambirimbiri kwa makasitomala osiyanasiyana.

Laser imagwira mwa njira ina. Ndi kuwala kwamphamvu kumene kumalunjika pa melanin, chinthu chimene chimadetsa tsitsi. Tsitsi likamwa kuwalako limatentha, kutenthako kumatsika n'kukaononga kathumba kaja. Tsitsi likachepa, tiziphuphu nato timachepa.

Tsopano mvetserani apa. Melanin yemweyo ndi amene amatipatsa khungu lakuda. Kwa mzungu wa tsitsi lakuda, kuwala kumadutsa khungu n'kukapeza tsitsi lokha. Kwa ife, khungu nalo limamwa kuwalako. Makina olakwika amakuotchani: matuza, mabala, kenako mawanga akuda kapena oyera ngati munapsa ndi madzi otentha. Ena a mawanga oyerawa sabwerera mwakale.

Madokotala a khungu amagawa khungu m'magulu 6 potengera muyeso wa Fitzpatrick wa 1975, ndipo ambiri a ife tili mu gulu 5 kapena 6. Makina amene amayenera khungu lotere ndi Nd:YAG, a nambala 1064. Kuwala kwake kumalowa mozama ndipo melanin wa pamwamba pa khungu samwa kwambiri. Makina a alexandrite, a nambala 755, amayenera akhungu loyera. A diode, a 800 kapena 810, amatheka kwa ena koma amafuna dzanja lodziwa komanso kuziziritsa khungu bwino. Nanga IPL? Malo ena amalemba "laser" pakhomo pomwe mkati muli IPL. Imeneyo si laser, ndi nyali yamphamvu ya kuwala kosakanikirana, ndipo pa khungu lakuda imaotcha mosavuta. Tizipangizo ta kunyumba togulitsidwa pa intaneti tambiri ndi ta IPL, ndipo tambiri timalemba pa katoni kuti si ta khungu lakuda kwambiri. Werengani katoniyo musanapemphe mbale wanu wa ku Johannesburg kapena London kuti akutumizireni.

Choncho mukafika pamalopo funsani: makina anu ndi ati? Munaphunzira kuti? Mwagwirapo anthu angati a khungu ngati langa? Pemphani kuti ayese kaye pa kamalo kakang'ono, mudikire masiku osachepera 2 kuti muone mmene khungu layankhira. Payenera kukhala magalasi oteteza maso a inu ndi a iwo. Akakwiya ndi mafunso, kapena akanena kuti "makina athu amagwira aliyense" osatchula dzina, nyamulani chikwama chanu. Musachite manyazi, khungu ndi lanu.

Musanamizidwenso kuti tsitsi lithera tsiku limodzi. Laser imagwira bwino tsitsi lokhalo limene likukula panthawiyo, ndipo tsitsi silikulira limodzi. Ndiye mumafunika maulendo pafupifupi 6 mpaka 8, motalikirana masabata 4 mpaka 6, ena kuposa apo. Ngakhale a FDA ku America amalola makampani kunena kuti laser imachepetsa tsitsi kwa nthawi yaitali, osati kulithetseratu. Lotsalalo limakhala lopyapyala ndi lochepa, ndipo ena amabwererako pakapita nthawi. Imvi sizimva laser chifukwa mulibe melanin. Werengerani ndalama za maulendo onse musanayambe, chifukwa kupita kawiri n'kusiya ndi kungotaya ndalama. Ngati thumba silikulola, wax wa pamalo aukhondo kapena kuyepula ndi makina ometera si tchimo.

Mukaganiza zoyamba, siyani wax ndi kuzula kwa masabata 4 mpaka 6, chifukwa laser imafuna tsitsi likhalemo mu kathumba kaja. Kumeta ndi lezala kulibe vuto, ndipo mudzameta dzulo lake. Mukatha pewani dzuwa pamalopo ndipo dzolani sunscreen wa SPF 30 kapena kuposa. Inde, ngakhale ife akuda.

Pali ena amene ndikuti imani kaye. Oyembekezera, dikirani muchire. Amene mabala anu amapola motupa n'kusiya chipsera chokula ngati cha pakhutu pobooledwa, kambiranani ndi dokotala kaye. Chimodzimodzi amene mukumwa doxycycline kapena isotretinoin, amene mumatuluka zilonda za herpes pamalopo, ndi amene muli ndi tattoo pomwepo. Ndipo inu amene mumadzola mafuta oyeretsa khungu, nenani chilungamo. Ambiri mwa mafutawa muli hydroquinone kapena ma steroid monga clobetasol, ndipo ma steroidwo amapyapyalitsa khungu. Khungu lotero wax amatha kulisenda, laser n'kuliotcha.

Mawu omaliza apite kwa mayi kapena mtsikana amene wayamba kumera ndevu, tsitsi la pachifuwa kapena pamimba, pamodzi ndi kusamba kodumphadumpha, ziphuphu kapena kunenepa. Ulendo wanu woyamba ukhale wa kuchipatala. Kawirikawiri chimenechi ndi chizindikiro cha PCOS, vuto la mahomoni limene limakhudza kubereka komanso limaonjezera chiopsezo cha shuga. Laser ichotsa tsitsi looneka, koma mahomoni apitiriza kumeretsa lina. Ndipo ngati tsitsilo labwera mwadzidzidzi m'miyezi yochepa, mawu n'kuyamba kukhala besi, musadikire ngakhale sabata.

Amene munapangitsako laser, tiuzeni mu comment makina ake anali ati komanso khungu linayankha bwanji, osatchula dzina la malo. Mutumizireninso mnzanu amene akusunga ndalama za laser.