Malaya olembedwa mawu amautsa mkangano wa ufulu m'ndege

Mu October 2005 mayi wina adatsika m'ndege ya kampani ya Southwest Airlines mumzinda wa Reno m'dziko la America ulendo wake usadathe, kaamba ka malaya omwe adavala. Pamalayawo padali nkhope za mtsogoleri wa dzikolo panthawiyo George W. Bush, wachiwiri wake Dick Cheney ndi nduna yoona zakunja Condoleezza Rice, komanso mawu otukwana. Anthu ena atadandaula, ogwira ntchito m'ndegemo adamuuza kuti atembenuze malayawo kapena atsike.

Ambiri adati ufulu wa mayiyu wolankhula zakukhosi udaphwanyidwa, koma malamulo a dzikolo sakugwirizana nawo. Gawo la malamulo aakulu lotchedwa First Amendment, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu 1791, limaletsa boma kutseka anthu pakamwa. N'chifukwa chake mu 1971, pamlandu wa Cohen ndi boma la California, bwalo lalikulu la milandu lidafafaniza chilango cha mnyamata yemwe adalowa m'nyumba ya khoti ku Los Angeles atavala jekete yotukwana lamulo lokakamiza achinyamata kulowa usilikali. Womulanga adali boma. Southwest si boma, ndipo munthu akagula tikiti amakhala wavomera mgwirizano wa kampaniyo, womwe umalola kukaniza wokwera yemwe zovala zake ndi zolaula kapena zonyansa kwa ena.

Pali nzeru pamenepa. Wokhumudwa ndi chikwangwani pamsewu amangolambalala, pomwe wokhala pampando wa m'ndege ndi ana ake alibe kothawira mpaka ndegeyo itatera.

Nkhani ya Raed Jarrar, mbadwa ya ku Iraq, ndiyo idaonetsa malire a mphamvuzi. Mu August 2006, pabwalo la ndege la John F. Kennedy ku New York, Jarrar adaimitsidwa akufuna kukwera ndege ya JetBlue yopita ku Oakland. Malaya ake adalibe chitukwano chilichonse. Adalembedwa m'Chiarabu ndi m'Chingerezi mawu otanthauza kuti "sitikhala chete". Malinga ndi iye, m'modzi mwa omwe adamuimitsa adayerekeza kuvala zilembo za Chiarabu pabwalo la ndege ndi kulowa m'banki utavala malaya olembedwa kuti ndiwe wakuba. Adamulola kukwera ataphimba malayawo ndi ena, ndipo adamusamutsira kumpando wakumbuyo.

Apa zinthu ziwiri zidasiyana ndi za ku Reno. Pakati pa omwe adamuimitsa padali ogwira ntchito m'nthambi ya boma yoona za chitetezo pamaulendo ya TSA, choncho dzanja la boma lidalipo. Komanso chomwe chidawawopsa chidali chiyankhulo cha munthu, ndipo malamulo a dzikolo saloleza kampani ya ndege kusala munthu potengera mtundu kapena komwe adachokera. Bungwe lomenyera ufulu la ACLU lidatengera nkhaniyi kukhoti mu 2007, ndipo mu January 2009 lidalengeza kuti Jarrar walandira chipepeso cha 240,000 dollars, mlandu utathera kunja kwa bwalo.

Chovuta chomwe chatsalabe n'chakuti mawu akuti "chonyansa" alibe muyeso, ndipo wogamula amakhala wantchito yemwe ali pachipata tsikulo, ndege ili pafupi kunyamuka. Mu January 2007 kampani ya Qantas idakaniza bambo wina kukwera ndege yochokera ku Melbourne kupita ku London chifukwa malaya ake ankatchula Bush kuti chigawenga. Amenewo adali maganizo andale, osati chitukwano, ndipo n'kovuta kuona momwe nsalu yotero ikadaopsezera ulendo.

Amalawi achikulire akukumbukira lamulo la kavalidwe la 1973, lomwe linkaletsa amayi kuvala buluku ndi masiketi aafupi, ndipo linkakhudzanso alendo otsikira pabwalo la ndege. Limenelo lidali lamulo la boma, ndipo lidachotsedwa dziko litasankha ndale za zipani zambiri. Malamulo a makampani sachotsedwa ndi voti, ndipo ena akuonjezeredwa. Mu January 2025 kampani ya Spirit Airlines ya ku America idalemba mumgwirizano wake kuti ingathe kukaniza munthu ngakhale kaamba ka zojambula zolaula kapena zonyansa zomwe adadinda pakhungu lake.